Mafunso Anu pa Kompyuta: Windows Yoyeserera Ikayamba Kuvuta

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa owerenga a mu Lilongwe amene aika Windows 11 imene sinatulutsidwe kwa anthu onse, ija munthu amalandira akalowa mu Windows Insider Program, komanso kwa ena amene ayesa Ubuntu wa beta (Ubuntu ndi mtundu wa Linux, yoyendetsa kompyuta monga Windows, ndipo beta ndi woyeserera). Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndine wophunzira wa ku Area 25. Ndinalowa mu Insider dzana pa laputopu ya RAM 8 GB. Ikutentha, fani siikusiya kulira, ndipo zatsopano zimene mnzanga akuona pa yake ine sindikuziona, chikhalirecho nambala ya build (mtundu wa Windows yoyeserera umene waikidwa) ndi imodzi. Kodi ndalakwitsa poika?

YANKHO: Simunalakwitse achimwene. Windows ikangolowa kumene imakhala ndi ntchito zambiri za kuseri. Windows Search imawerenga mafayilo onse kuti ipange mndandanda wosakira, Microsoft Defender imafufuza disiki, Microsoft Store imatsitsa mapulogalamu ake, ndipo OneDrive ikakhala yoyatsa nayonso imakhala ikukweza ndi kutsitsa zinthu. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako dinani pamutu pa CPU ndi pa Disk muone chimene chili pamwamba. Mukapezapo Windows Modules Installer Worker, Microsoft Windows Search Indexer kapena Antimalware Service Executable, isiyeni laputopuyo pa chaja usiku wonse. Kukamacha fani ikhala itatsitsa mawu. Koma ngati Disk ikungokhala pa 100% tsiku ndi tsiku, pitani pa Performance muone ngati disiki yanu ndi HDD kapena SSD. Pa HDD Windows 11 imakwawa, kaya ndi yoyeserera kaya ndi yawamba, ndipo mankhwala ake ndi kugula SSD, ngakhale ya 256 GB.

Za mnzanuyo, Microsoft imatsegula zatsopano pang'onopang'ono, kwa anthu ochepa kaye, kuti ikaona kuti zikuswa makompyuta izitseke zisanafalikire. N'chifukwa chake makompyuta awiri a build imodzi amatha kuoneka mosiyana. Mu Settings, pa Windows Update, pali batani lolembedwa Get the latest updates as soon as they're available. Mukaliyatsa mumakhala m'gulu lolandira msanga, koma si kuti zonse zifika tsiku lomwelo. Zina sizidzafika n'komwe. Mwachitsanzo Recall imafuna makina otchedwa Copilot+ PC, okhala ndi NPU (kachipangizo ka ntchito za AI) ya mphamvu ya 40 TOPS ndi RAM yosachepera 16 GB.

Simunatiuze njira imene munasankha polowa, ndipo nkhani yagona pamenepo. Pulogalamu ya Insider inayamba mu Okutobala 2014, nthawi imene Windows 10 inkakonzedwa. Mu 2020 mayina akale a Fast ndi Slow anasintha kukhala Dev ndi Beta, ndipo mu Malichi 2023 anawonjezera Canary. Pa dongosolo la 2023 limeneli, Canary ndiyo yaiwisi kwambiri, imabwera isanayesedwe mokwanira. Dev imatsatira, kenako Beta, ndipo Release Preview ndi imene yatsala pang'ono kuperekedwa kwa onse. Walira mvula walira matope: amene akufuna kuona zatsopano anzake asanazione avomerenso kuti tsiku lina kompyuta idzakana kuyaka. Ngati laputopuyo ndi imene muli asainimenti ndi pulojekiti ya chaka chomaliza, ife sitingakulangizeni kupitirira Release Preview. Dziwaninso kuti polowa munavomera kuyatsa Send optional diagnostic data, kutanthauza kuti kompyuta ikutumiza ku Microsoft zambiri za mmene ikugwirira ntchito.

FUNSO: Ndili ndi shopu yotayipa ndi kupurinta cha ku Malangalanga. Mnyamata wondithandiza analowetsa kompyuta ya pa kauntala mu Insider. Pano imaonetsa sikirini yobiriwira n'kuzima yokha, ndipo printa sikuonekanso. Ndingabwerere bwanji osataya mafayilo a makasitomala?

YANKHO: Pepani mayi. Musanachite china chilichonse, koperani mafayilo a makasitomala pa disiki yakunja kapena pa fulashi, lero lomwe. Zokonza zibwere pambuyo.

Sikirini yobiriwirayo ndi yomwe ija imakhala ya buluu kapena yakuda pa Windows yawamba. Anaisintha mtundu dala kuti azizindikira kuti vuto lachokera pa build yoyeserera. Ikaonekanso, ijambuleni ndi foni. Pansi pake pamakhala mawu otchedwa stop code, ndipo nthawi zina pamakhalanso dzina la fayilo yothera ndi .sys. Dzinalo ndilo limaulula wolakwa, amene nthawi zambiri ndi driver, pulogalamu yolumikiza Windows ndi chipangizo. Mwachitsanzo nvlddmkm.sys ndi driver wa zithunzi wa NVIDIA, igdkmd64.sys ndi wa Intel, ndipo mayina oyamba ndi Netwtw ndi a Wi-Fi ya Intel. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti mkati mwa Windows mwasintha koma driver ndi wakale, ndiye awiriwo sakumvana. Ngati sikirini ikuzima musanawerenge, dinani batani la Windows ndi R, lembani perfmon /rel. Mudzaona mzere wa masiku, ndipo pa tsiku lililonse limene kompyuta inagwa pali chizindikiro chofiira chimene mungadine n'kuwerenga.

Njira yobwerera ili mu Settings, System, Recovery, pa batani la Go back. Imagwira ntchito masiku 10 okha kuchokera pamene build yatsopano inalowa, chifukwa imadalira foda ya Windows.old imene ili pa disiki C. Masiku 10 akatha Windows imafufuta fodayo yokha. Anthu ambiri amaifufuta okha asakudziwa: amaona kuti disiki yadzaza, amatsegula Disk Cleanup, n'kuchonga Previous Windows installations. Mukatero mlatho mwaugumula nokha. Ngati masiku 10 sanathe ndipo mukufuna nthawi yoganiza, tsegulani Command Prompt monga administrator mulembe DISM /Online /Set-OSUninstallWindow /Value:30 kuti masikuwo akhale 30. Malire ake ndi 60. Kubwereraku sikufufuta mafayilo anu, koma mapulogalamu amene munaika build itasintha kale angafunike kuikidwanso, ndipo mudzalowa ndi pasiwedi imene munali nayo kale, choncho ikumbukireni.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri. Go back imabwerera sitepe imodzi yokha. Ngati kompyuta yalandira kale mabuild akuluakulu awiri, idzakubwezerani ku build yoyeserera ya dzulo, osati ku Windows yawamba ija. Komanso zosintha zina zimabwera ngati apudeti wamba, ndipo zimenezo zimachotsedwa pa Windows Update, Update history, Uninstall updates.

Kompyuta ikamakana kufika pa desktop, idulireni kuyaka kwake pogwira batani lozimitsa pamene chizindikiro cha Windows chaoneka. Chitani zimenezo kawiri kapena katatu motsatizana ndipo idzalowa yokha m'malo okonzera. Pamenepo sankhani Troubleshoot, Advanced options, Uninstall Updates. Yambani ndi latest quality update, zikakanika latest feature update. Mukafuna Safe Mode kuti muchotse driver wovuta, ndi pa Startup Settings, Restart, kenako dinani 4. Muli mmenemo tsegulani Device Manager, dinani kawiri pa chipangizocho, ndipo pa tsamba la Driver sankhani Roll Back Driver.

Tsopano printa. Yambani mwaona mu Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners ngati Windows protected print mode ndi yoyatsa. Njira imeneyi inabwera ndi 24H2, ndipo ikayatsidwa imachotsa maprinta onse odalira madriver a kampani yake, imangosiya ogwirizana ndi muyezo wa Mopria. Maprinta akale a USB ambiri amagwera pamenepa. Izimitseni, muikenso driver. Ngati printa ikuoneka koma mapepala akungounjikana pamzere, lembani services.msc, imitsani Print Spooler, fufutani zonse za mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, n'kuyatsanso Print Spooler.

Mukabwerera bwino, pitani pa Windows Insider Program musankhe Stop getting preview builds. Amene ali pa Beta kapena Release Preview angathe kusankha kutuluka pamene Windows yotsatira idzatulutsidwe kwa onse. Amene ali pa Canary, ndipo nthawi zambiri a pa Dev, alibe njira ina koma kuika Windows mwatsopano ndi fulashi, chifukwa Windows siilola kutsika kuchoka pa nambala yaikulu ya build kupita pa yaing'ono. Ndipo mayi, mumuuze mnyamatayo mwachikondi kuti kompyuta imene ikubweretsa ndalama ya lendi ndi ya ufa si yoyeserapo. Chidwi chakecho n'chabwino, mungomupezera makina ena akale.

FUNSO: Ndinasintha zinthu mu BIOS (malo osinthira mmene kompyuta imayakira) kuti ndiike build yatsopano. Pano ikufuna BitLocker recovery key. Sindinaikepo BitLocker. Ndine bambo wa ku Kawale.

YANKHO: Bambo, BitLocker ndi loko wa disiki wa mu Windows. Mwina simunaiyatse ndi dzanja lanu, koma kuyambira pa 24H2 Windows imatha kutseka disiki yokha ikaikidwa mwatsopano, ngakhale pa Home, ndipo kiyi imaisunga mu akaunti ya Microsoft imene munalowera koyamba. Kachipangizo ka TPM kamakumbukira mmene kompyuta imayakira. Mukazimitsa Secure Boot, mukasintha BIOS kapena mukafufuta za mu TPM, kamaona ngati disiki yabedwa ndipo kamakana kutsegula.

Choyamba, bwezerani zimene munasintha mu BIOS monga zinalili, muyatsenso. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, lowani pa foni mu akaunti yanu ya Microsoft, pa Devices, mupeze ma recovery key. Kiyi ili ndi manambala 48, m'magulu 8 a manambala 6. Pa sikirini ya kompyuta pali Recovery key ID, ndipo zilembo 8 zoyambirira zake zifanane ndi za kiyi imene mwasankha. Ngati laputopu munagula yakaunjika kapena anakuikirani Windows ndi wokonza makompyuta, kiyiyo ingakhale mu akaunti ya munthu ameneyo, kapena ya kampani imene inali mwini wake. Popanda kiyi palibe amene angatsegule, ngakhale a Microsoft. Wina akakulonjezani kuti athyola, musamupatse ndalama. Chotsala n'kufufuta disiki.

Kwa amene kompyuta ikuyakabe, tsegulani Command Prompt monga administrator mulembe manage-bde -protectors -get C: ndipo kiyi ionekera. Ilembeni m'kope, osati mu fayilo ya pa kompyuta yomweyo. Musanakhudze BIOS lembani manage-bde -protectors -disable C: -RebootCount 1 kuti loko apume pa kuyaka kumodzi.

FUNSO: Bandulo ya mwezi yatha sabata imodzi. Komanso kuno ku Area 49 magetsi anazima apudeti ili pa 30%. Nditani?

YANKHO: Build yonse ya Windows 11 ndi ma GB angapo, ndipo ISO yake, fayilo yoikira Windows, imadutsa 5 GB. Pa Canary mabuild oterewa amabwera pafupipafupi. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows ingaione ngati Wi-Fi ya pa ofesi yopanda malire. Pitani mu Settings, Network & internet, Wi-Fi, dinani dzina la netiweki, muyatse Metered connection. Kenako pa Windows Update, Advanced options, Delivery Optimization, zimitsani kugawana ndi makompyuta ena a pa intaneti, chifukwa ikakhala yoyatsa kompyuta yanu imatumizira anthu ena zidutswa za apudeti pa bandulo yanu. Kusiya kugawana kwa m'nyumba kapena mu ofesi mokha n'kothandiza: kompyuta imodzi ikatsitsa, zinazo zimatenga kwa iyo. Mukafuna kudziwa chimene chinadya bandulo, onani pa Data usage, pamalembedwa pulogalamu iliyonse ndi ma MB ake a masiku 30 apitawa.

Za magetsi, zimatengera pamene anazimira. Ngati inali ikutsitsa, palibe chaonongeka, ipitiriza. Choopsa ndi pamene yayambanso ndipo ikulemba kuti musaizimitse, chifukwa nthawi imeneyo ikusuntha mafayilo a mkati. Magetsi akabwera iyatseni muisiye. Ikalemba Undoing changes made to your computer ndiye kuti ikudzibweza yokha, ndipo pa HDD zingatenge ola kapena kuposa. Musaidule poona ngati yaima. Ikafika pa desktop tsegulani Command Prompt monga administrator mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikatha lembani sfc /scannow, mwa dongosolo limenelo, chifukwa sfc imatenga mafayilo abwino pa nkhokwe imene DISM yakonza.

Musadalire batire la laputopu yakaunjika musanaliyeze. Lembani powercfg /batteryreport, tsegulani fayilo imene ituluke, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Ngati yachiwiri yatsika kufika theka la yoyamba, batirelo lingakusiyeni panjira apudeti ili mkati. UPS yaing'ono ya 650 VA imapatsa desktop mphindi zochepa zozimitsira bwino, siingamalize apudeti.

FUNSO: Laputopu yanga ndi Core i5-6300U. Insider ikukana kuti siyikukwanira. Anzanga akuti ndingalambalale ndi Rufus. Ndine mtsikana wa ku Likuni.

YANKHO: Achemwali, pa purosesa ngati yanu nambala yoyamba pambuyo pa i5 ndiyo imanena m'badwo wa purosesa. Yanu ndi ya m'badwo wa 6, pamene Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna Intel wa m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kuphatikiza TPM 2.0, UEFI yokhala ndi Secure Boot, RAM ya 4 GB ndi disiki ya 64 GB. N'zoona kuti Rufus, pulogalamu yopangira fulashi yoikira Windows, imatha kuchotsa zotchinga zina popanga fulashi, ndipo Windows yawamba imayaka. Koma kuphatikiza makina osavomerezeka ndi build yoyeserera n'kudzipatsa mavuto awiri nthawi imodzi, ndipo chikavuta simudzadziwa kuti chachokera kuti. Makina akale kwambiri, monga a Core 2 Duo, sayaka n'komwe ndi 24H2 chifukwa purosesa ilibe malangizo a SSE4.2, ndipo apo Rufus siingathandize.

Owerenga ena amene purosesa yawo ndi yoyenera koma akukanidwabe, nthawi zambiri TPM imangokhala yozimitsa. Lembani tpm.msc muone. Mu BIOS imatchedwa PTT pa Intel, fTPM pa AMD, ndipo polowa mu BIOS ndi F10 pa HP, F2 pa Dell, F1 pa ThinkPad. Lembaninso msinfo32: ngati BIOS Mode ikuti Legacy, disiki iyenera kusinthidwa kaye ndi mbr2gpt /validate /allowFullOS kenako mbr2gpt /convert /allowFullOS, mutakopera mafayilo.

Kwa inu njira yabwino ndi VirtualBox, pulogalamu yopanga kompyuta yonamizira mkati mwa kompyuta yanu. Kuyambira pa 7.0 imatha kunamizira TPM 2.0 ndi Secure Boot. Mumapatsa Windows yoyesererayo RAM ya 4 GB, mapurosesa 2 ndi disiki ya 64 GB, ndipo imakhala ngati fayilo chabe mkati mwa kompyuta yanu. Musanaike build iliyonse tengani snapshot, kutanthauza kusunga mmene zilili panthawiyo, ikafa mubwerera mwa mphindi imodzi. Pa RAM ya 8 GB zidzayenda mokakamiza, pa 16 GB bwinobwino. Yatsani Virtualization mu BIOS. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 yawamba pa 14 Okutobala 2025, ndiye laputopu imeneyo ikufunika kuiganizira za m'tsogolo, ndipo Linux imayenda bwino kwambiri pa makina a msinkhu umenewo.

FUNSO: Ndaika Ubuntu wa beta pambali pa Windows. Ndikabwerera ku Windows nthawi imatsalira ndi maola awiri, ndipo Software Updater ikundifunsa za partial upgrade. Ndivomere? Ndine mphunzitsi, Chinsapo.

YANKHO: Aphunzitsi, nkhani ya wotchi si vuto la beta. Pa bolodi la kompyuta pali kawotchi kamodzi. Linux imalembamo nthawi ya UTC, pamene Windows imawerenga ngati nthawi ya kwanu. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola 2, n'chifukwa chake kusiyanako kuli ndendende maola awiri. Mu Terminal lembani timedatectl set-local-rtc 1 ndipo onetsetsani kuti dera ndi Africa/Blantyre. Ku Windows dera lathu limalembedwa Harare, Pretoria. Muli komweko zimitsani Fast Startup, chifukwa imasiya disiki ya Windows ili yogona osati yotsekedwa, ndiye Ubuntu imakana kulembamo.

Partial upgrade musavomere. Pa nthawi ya beta mapaketi, kutanthauza zidutswa za mapulogalamu, amakwezedwa tsiku lililonse ndipo ena amafika anzawo odalirana nawo asanafike. Mukavomera, pulogalamuyo imathetsa mkanganowo pochotsa mapaketi, ndipo ingachotse ngakhale desktop yeniyeni, mutsale ndi sikirini yakuda ya malemba okha. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Gwiritsani ntchito sudo apt update kenako sudo apt upgrade, imene siichotsa kanthu, ndipo mukafuna full-upgrade werengani kaye mndandanda wa zimene ikuti ichotsa musanadine Y. Mukapitiriza kuchita apudeti chonchi, tsiku lotulutsa likafika beta yanu imasanduka yokha Ubuntu weniweni, simufunika kuikanso.

Kampani ya Canonical imatulutsa Ubuntu mu Epulo ndi mu Okutobala. Ya LTS, yokhazikika yothandizidwa nthawi yaitali, imatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo imathandizidwa zaka 5, pamene zapakatizo ndi miyezi 9 yokha. Za pa sukulu ikani LTS. Chimene chinachitika mu 2024 n'choyenera kuchidziwa aliyense woyesa beta. Pa 29 Malichi, katswiri wa mapulogalamu Andres Freund anaulula kuti wina anabisa dala khomo lolowera akuba mu pulogalamu yopanikizira mafayilo ya xz, mu 5.6.0 ndi 5.6.1. Inali itafika kale mu Debian yoyeserera ndi mu Fedora Rawhide, mitundu ina ya Linux, koma isanafike m'mitundu yokhazikika ya Debian ndi Ubuntu. Canonical inachedwetsa beta ya 24.04 ndi sabata kuti imangenso mapaketi. Choncho pa beta musamalowepo mu akaunti ya banki kapena kusungapo mayeso a ana. Mukapeza cholakwika, lembani ubuntu-bug ndi dzina la paketi, lipoti lipite ku Launchpad, tsamba lolandirira malipoti a Ubuntu. Ku Windows ndi Feedback Hub, pa batani la Windows ndi F, ndipo lipoti lothandiza limanena nambala ya build, mtundu wa makina, ndi masitepe amene wina angatsate kuti aone vuto lomwelo.

FUNSO: Pakona ya sikirini palembedwa Evaluation copy. Kodi laisensi yanga yatha? Biwi.

YANKHO: Ayi bambo, laisensi ili bwino, ndipo mungatsimikize pa Settings, System, Activation. Mawuwo amaoneka pa mabuild ena oyeserera ndipo amachoka okha mukafika pa Windows yawamba. Musatsitse timapulogalamu tochotsera, tina timabwera ndi mavairasi. Choti muyang'anire ndi tsiku lotha ntchito. Dinani Windows ndi R, lembani winver, ndipo ngati build yanu ili ndi malire muona tsiku lake pamenepo. Likayandikira Windows imayamba kukuchenjezani, ndipo likadutsa kompyuta imavuta. Ngati munayatsa Metered connection kuti musunge bandulo, lembani tsikulo pa kalendala, kuti sabata ziwiri lisanafike mupeze Wi-Fi yodalirika, muike laputopu pa chaja, mulandire build yatsopano.